Sabata yokonza mitu ya kafukufuku wa ndale

Ndimaphunzitsa njira zochitira kafukufuku kwa ophunzira a chaka chachitatu amene akuchita digiri ya ndale ndi ubale wa pakati pa mayiko. Si phunziro limene amalithamangira. Amabwera ku yunivesite ndi njala yokambirana za zisankho, za SADC, za nkhondo ya ku Ukraine, ndiye akangomva kuti muli masamu nkhope zimagwa. Komatu chaka chamawa aliyense adzalemba dissertation yakeyake, lipoti lalitali la kafukufuku lomalizira digiri, ndipo sabata yathayi ndi imene tinayamba kukonza mitu yawo.

Lolemba ndinapempha kuti aliyense awerenge mokweza funso limene akufuna kukafufuza. Mnyamata wina anayamba ndi mphamvu: "Ine ndikufuna kusonyeza kuti Amalawi amavota potengera chigawo." Ndinamufunsa kuti ngati yankho ali nalo kale m'thumba, kumudziko akukatenga chiyani. Iye anaumirira: "Koma aphunzitsi, zimenezi ndani sadziwa?" Sindinamutsutse, pakuti chisankho cha 1994 chili kumbali yake: Bakili Muluzi anasesa Kummwera, Kamuzu Banda Pakati, Chakufwa Chihana Kumpoto. Ndinangolemba pa bolodi chaka cha 2009, pamene Bingu wa Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, nakokolola ngakhale Kumpoto kumene sikunali kwawo. Titakambirana, funso la mnyamata uja linasintha: ndi liti pamene chigawo chimalamulira voti, nanga ndi liti pamene chimagonjera zinthu zina monga feteleza wotsika mtengo ndi nkhokwe zodzaza? Limeneli ndiye funso la kafukufuku, chifukwa yankho lake likhoza kudabwitsa mwini wake.

Kulemera kwa ntchito yanga kwagona pamenepa. Wophunzira za ndale safika m'kalasi mtima uli mbee. Kwawo kuli chipani chimene amavotera, kuli malume amene anachotsedwa ntchito boma litasintha, kuli mlongo amene anapeza ngongole chifukwa chovala nsalu ya makaka. Sindiwauza kuti asiye kukonda chimene amakonda. Ndimawauza kuti asanayambe, alembe papepala umboni umene ataupeza angavomere kuti ganizo lawo lagwa. Amene walephera kulemba chiganizo chimenecho ndiye kuti sanakonzeke kupita kukafunsa anthu.

Lachiwiri tinali pa nkhani ya sample, kagulu ka anthu kamene kamafunsidwa kuimira mtundu wonse. Ndinatenga chitsanzo cha Afrobarometer, kafukufuku wa maganizo a anthu amene anayamba mu 1999, ndipo kuno amachitidwa ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Iwo amafunsa Amalawi 1,200, ndipo zotsatira zake zimatha kuphonya ndi mapointi atatu okha, kukwera kapena kutsika. Mtsikana wina anakweza mkono: kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndiye anthu 1,200 angayankhulire bwanji mtundu wonse? Ndinamukumbutsa za wogula chimanga pamsika. Sakhuthula thumba lonse, koma samangoyang'ananso pakamwa pa thumba pamene wogulitsa waika chimanga choyera. Amabaya pansi, pakati ndi m'mbali. Nkhani ili pa kasankhidwe. Madera amasankhidwa mwamaere kuchokera pa mapu a kalembera a National Statistical Office, nyumba zimasankhidwa powerenga mwa dongosolo loikika, ndipo m'nyumbamo wofunsa saloledwa kungogwira amene wamupeza pakhonde. Amasinthanitsa abambo ndi amayi. Anthu 84 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Choncho mavoti a pa Facebook, ngakhale atavota anthu 50,000, amangotiuza maganizo a amene ali ndi foni ndi bandulo.

Lachitatu linathera mu ofesi ndi a chaka chachinayi amene ndikuwayang'anira. Mmodzi akulemba za mkangano wa malire a pa Nyanja ya Malawi. Mbiri waidziwa bwino ndithu: pangano la 1890 pakati pa Britain ndi Germany linaika malire m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania, bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU linagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire osiyidwa ndi atsamunda alemekezedwe, ndipo nkhaniyi inabukanso mu 2012 Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo, mpaka mapulezidenti opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anakhala amkhalapakati. Koma nditayang'ana zimene wawerenga, zonse zinali za kuno kwathu. Mbali ya Tanzania, yoti malire adutse pakati pa nyanja, anailemba m'mizere iwiri ngati nkhambakamwa. Ndinamuuza kuti apeze nyuzipepala za ku Dar es Salaam za nthawi imeneyo ndi zimene aphungu awo anayankhula ku Dodoma, ndipo ngati Chiswahili chikumuvuta apemphe mnzake wa ku Karonga amuthandize. Alembe mfundo za Tanzania mwamphamvu moti Mtanzania ataziwerenga avomere kuti ndi zakedi. Akatero ndiye aziyankhe. Inenso nyanjayi ndimaiona kuti ndi yathu, koma dissertation yosamva mbali ina imagwa ndi funso loyamba la woyesa mayeso.

Wina akufufuza chifukwa chimene Malawi anasiyira Taiwan, bwenzi lake kuyambira 1966, n'kupita kwa China. Ubale watsopanowu unasainidwa mu Disembala 2007 ndipo unalengezedwa mu Januwale 2008. Iye akuti yankho ndi ndalama basi, ndipo akuloza Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga kukafika ku Chitipa, ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo. Mwina akunena zoona. Koma zinthu zimene zinabwera pambuyo sizitiuza zimene zinali m'mitu ya anthu posankha. Ayenera kulondola mapazi: ndani anakumana ndi yani, liti, ndipo aphungu ananena chiyani m'Hansard, buku losunga zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Ayerekezenso ndi Eswatini, dziko lokhalo mu Africa limene likadali ndi Taiwan. Ngati ndalama ndi yankho lonse, bwanji iwo sanatengeke? Akazembe opuma akhoza kumuuza zambiri, koma munthu pofotokoza zakale amadziika poyera, ndiye mawu a mmodzi ayesedwe ndi a wina komanso ndi zolembedwa. Ndinamukumbutsanso kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye alembe kalata ku unduna, asangoganiza kuti amukana.

Tsiku limene ndimaliyembekezera kwambiri ndi Lachinayi, pamene ine ndi a chaka chachitatu aja tinapita kumudzi wina kukayesa mafunso athu. Tinali titadutsa kale kwa a DC, kwa a T/A ndi kwa agulupu, ndipo tinayamba ndi kukalonjera kwa anyakwawa. Anthu atangoona achinyamata atanyamula matabuleti, mbiri inawanda kuti kwabwera kalembera wa Mtukula Pakhomo. Amayi ena anasiya madzi pamjigo kuthamangira kumene tinali. Ophunzira anayenera kunena mobwerezabwereza kuti sitikulemba mayina, sitikugawa kanthu, ndipo amene sakufuna kuyankha ali ndi ufulu wokana. Zimawawa kuona nkhope ya munthu ikusintha akamva zimenezi, koma kumusiya ndi chiyembekezo chabodza kuti ayankhe mafunso ako ndi kuba.

Ndinakhala pambali pamene mtsikana wina amacheza ndi agogo ena aamuna pamkeka. Mafunso a madzi, chipatala ndi mtengo wa feteleza anayenda bwino. Atafika pa funso loti akukhutira bwanji ndi kagwiridwe ntchito ka mtsogoleri wa dziko, agogo aja anakhala chete, nayang'ana mnyamata wa kwa anyakwawa amene anaima chapafupi. Kenako anati, "Mwana wanga, wakutuma ndani?" Mtsikanayo anachita bwino. Anapempha mwaulemu mnyamata uja kuti akatithandize kupeza nyumba yotsatira, nabwerezanso kuti ndife a sukulu ndipo dzina lawo sililembedwa paliponse. Agogo anayankha, koma atayamba afotokoza za masiku a makhadi a chipani, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, ndipo mawu olankhula pamowa ankatha kukufikitsa kundende ya Mikuyu.

Ophunzira angawa anabadwa zaka zambiri chichitikireni riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Kwa iwo kudzudzula pulezidenti ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku pa WhatsApp. Pobwerera m'basi ndinawauza kuti n'chifukwa chake Afrobarometer imamaliza ndi kufunsa munthu kuti akuganiza kuti watuma ofunsawo ndani. Amene akukhulupirira kuti wabwera ndi boma akhoza kuyamikira zimene mumtima sakuziyamikira, ndipo nambala imene idzatuluke pa kompyuta sidzaonetsa mantha amenewo pokhapokha wofufuza atawafunafuna.

M'mudzi momwemo tinagwiranso funso lina lopotoka. Mnyamata wina analemba kuti, "Kodi simukuona kuti katundu wakwera mtengo chifukwa cha boma?" Aliyense amene anamufunsa anangoti inde, mwina pofuna kusakhumudwitsa mlendo. Funso lina linali ndi mitu iwiri, lofunsa za phungu ndi khansala nthawi imodzi, ndipo mayi wina anati phungu samuona koma khansala anabwera pamaliro sabata yatha, ndiye ayankhe za uti?

Lachisanu tinakhala mu labu kulowetsa mayankho mu SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, ndi kukonza pepala la mafunso. Funso lopotoka lija linakhala loti, "Mukuganiza kuti chakweza mitengo ya katundu n'chiyani?" ndipo la phungu ndi khansala tinaligawa pawiri. Mafunso okhudza mtsogoleri wa dziko tinawasunthira chakumapeto, munthu atazolowera kale kucheza, ndipo tinaonjezera malo oti wofunsa azilemba ngati panali munthu wina womvetsera. Sabata ya mawa aliyense apereka pepala lake pamodzi ndi kalata yopempha chilolezo kwa ofunsidwa, kuti zipite ku komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Palibe amene abwerere kumudzi komitiyo isanavomereze.