Chiponde chathu ndi manambala ake 13

Bizinesi yathu ndi yopanga chiponde, ndipo tinaiyamba ine ndi akazi anga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe titagula makina ang'onoang'ono okazingira ndi kupera mtedza. Mtedza wake, makamaka wa CG7, timagula kwa alimi a ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo amayi amene timagwira nawo ntchito amausankha ndi manja usanalowe m'makina. Pa zaka zoyambirira tinkagulitsa m'magolosale a m'dera lathu komanso kwa anthu a m'maofesi amene ankalipira pakutha pa mwezi. Kumeneko palibe amene ankafunsa nambala ya katundu, chifukwa mwini golosale amadziwa pamtima mtengo wa chilichonse chimene chili pa shelefu yake.

Zinthu zinasintha pamene tinkafuna kulowa m'masitolo akuluakulu. Mkulu woona za kugula katundu m'sitolo ina analawa chiponde chathu n'kuchiyamikira, koma anapempha zinthu ziwiri: chiphaso cha Malawi Bureau of Standards ndiponso barcode, mizere yakuda imene imasindikizidwa pa lebulo ya katundu. Za chiphasocho tinali titayamba kale kuyendera, koma barcode tinkangoiona pa katundu wa ena monga aliyense amaionera. Iye anatifotokozera mwaulemu kuti kompyuta ya sitoloyo siingalandire katundu wopanda nambala, siingamugulitse polipirira, komanso siingadziwe kuti watsala pang'ono kutha kuti aitanitse wina.

Mizere yakuda ija ndi njira yolembera manambala kuti makina athe kuwerenga, ndipo chofunika kwenikweni ndi manambala 13 amene ali pansi pake. Mtengo mulibemo, popeza umakhala m'kompyuta ya sitolo iliyonse. Dongosolo limeneli linayambira ku America, kumene pa 26 June 1974 paketi ya chingamu cha Wrigley's inadutsitsidwa pa makina owerengera m'sitolo ya Marsh ku Troy, m'chigawo cha Ohio. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa bungwe lawo la EAN mu 1977, ndipo mu 2005 mabungwe a mbali ziwirizi anayamba kugwira ntchito pansi pa dzina limodzi la GS1, lomwe likulu lake lili ku Brussels. Bungweli limabwereketsa kampani iliyonse manambala oyambirira amene sangapatsidwe kwa wina aliyense padziko lapansi, kampaniyo n'kuwonjezerapo nambala ya katundu wake, ndipo nambala yomaliza imakhala yotsimikizira zinazo. Imeneyi imapezeka pochulukitsa ndi 3 nambala yachiwiri, yachinayi, mpaka ya 12, n'kuphatikiza ndi zotsalazo, kenako n'kuona chimene chikuperewera kuti zikwane khumi lotsatira. Wogulitsa akalakwitsa nambala imodzi potayipa, makina amakana pomwepo.

Titayamba kufunsafunsa, munthu wina wosindikiza malebulo anatiuza kuti angatipezere manambala pamtengo wotsika kwambiri, olipira kamodzi kokha, tsiku lomwelo. Tinakana, ndipo mpaka lero ndimawachenjeza anzathu a mabizinesi ang'onoang'ono za nkhaniyi. Manambala oterewa kawirikawiri amakhala otsala a kampani ina yakunja, kapena ongopeka pa kompyuta. Makina amawawerenga ndithu, koma sitolo ikafufuza m'kaundula wa GS1 imapeza dzina la kampani imene ilibe chochita ndi katunduyo, ndipo tsiku lina nambala yomweyo ikhoza kupezeka pa botolo la munthu wina m'sitolo imodzimodziyo. Palinso manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 amene masitolo amaika pa nyama kapena masamba oyezedwa pa sikelo. Amenewa amagwira ntchito m'sitolo imene yawapereka basi, choncho munthu sangamangirepo malonda opita kwina.

Ife tinalembetsa kudzera ku GS1 ya ku South Africa, n'chifukwa chake manambala athu amayamba ndi 600. Makasitomala ena amene anamva kuti manambala atatu oyambirira amasonyeza dziko atifunsapo ngati chipondecho n'chochokera ku Joni. Timawayankha kuti manambalawo amangosonyeza ofesi imene kampani inalembetsa, monga 616 kwa olembetsa ku Kenya kapena 620 ku Tanzania, pamene za kumene katundu wapangidwa zimalembedwa m'mawu pa lebulo. Chovuta chenicheni ndi ndalama. Chilolezo chogwiritsa ntchito manambalawa chimalipiridwa chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake kwa ife unakwera nthawi imodzi ndi wa mabotolo ndi zivundikiro. Ndimaona kuti imeneyi ndi nkhani imene mabungwe othandiza amalonda ang'onoang'ono ayenera kuiganizira mozama, chifukwa ambiri amene ali ndi katundu wabwino amalephera pa khomo limeneli.

Mtundu uliwonse wa katundu umafuna nambala yakeyake. Botolo la magalamu 250, la magalamu 500 ndi la kilogalamu imodzi ndi manambala atatu, ndipo chiponde chosalala ndi chokhala ndi tizidutswa ta mtedza sizingagawane nambala. Kusindikiza nakonso kuli ndi malamulo ake. Mizere iyenera kukhala yakuda pa malo oyera, osati yofiira, popeza makina ambiri amawalitsa kuwala kofiira ndipo mzere wofiira sauoneka. Kumanzere ndi kumanja kuyenera kutsala mpata wopanda cholembedwa chilichonse, ngakhale wojambula lebulo atafuna kukongoletsa malowo. Pa botolo laling'ono lobulungira tinagoneka mizereyo ngati mapondero a makwerero, kuti kupindika kwa botolo kusasokoneze kukula kwa mipata yake.

Kumene dongosololi linatisinthira kagwiridwe ka ntchito ndi pa makatoni. Katoni ya mabotolo 12 ili ndi nambala yake ya manambala 14, yolembedwa m'mizere yokhuthala ya ITF-14 imene imawerengeka ngakhale pa pepala lokhakhala la katoni. Ogula ena aakulu amafunanso lebulo ya GS1-128, imene imanyamula zambiri: chizindikiro cha 01 chimatsogolera nambala ya katundu, cha 10 chimatsogolera nambala ya gulu limene katunduyo anapangidwira limodzi, ndipo cha 15 chimatsogolera tsiku limene ubwino wake umathera. Kuti munthu alembe nambala ya gulu moona mtima, ayenera kudziwa kuti m'gululo munalowa mtedza wa ndani. Motero tinatsegula buku limene timalembamo thumba lililonse, mlimi kapena kalabu imene yabweretsa, tsiku lokazinga, ndi masitolo amene makatoni a tsikulo apita.

Kwa wopanga chiponde ku Malawi buku limeneli n'lofunika kwambiri chifukwa cha chuku. Mtedza ukaumitsidwa pa dothi lonyowa, kapena ukawazidwa madzi kuti usavute kusenda, umamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo sathetsedwa ndi kukazinga. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kukhala ndi poizoniyu wopitirira ma microgram 4 pa kilogalamu (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo vuto limeneli ndi limodzi mwa zimene zinachepetsa malonda a mtedza wa dziko lino kumeneko. Nthawi ina zotsatira za ku labotale zinasonyeza kuti gulu lina la chiponde chathu linali ndi poizoniyu wopitirira mlingo. Chifukwa cha nambala ya gulu tinadziwa makatoni enieni okhudzidwa, tinawabweza onse asanafike pa shelefu, ndipo katundu wina yense anapitiriza kugulitsidwa. Tinadziwanso kalabu imene mtedzawo unachokera, ndipo tinapita kukakambirana ndi alimiwo za kuumitsa mtedza usanathotholedwe komanso kuusunga m'makoko mpaka nthawi yogulitsa. Alimi amenewa tikugulabe kwa iwo, ndipo mtedza wawo tsopano ndi umodzi mwa umene timaudalira.

Pakali pano tikukonzekera kusintha kwina. GS1 ndi masitolo a m'mayiko ambiri anaika chaka cha 2027 ngati nthawi imene makina olipirira adzakhale okhoza kuwerenga zizindikiro za mabokosi monga QR, zimene zimanyamula nambala ya katundu, nambala ya gulu ndi tsiku lothera m'malo amodzi, komanso kutsegula tsamba la pa intaneti munthu akaloza ndi foni. Malebulo athu otsatira adzakhala ndi zizindikiro zonse ziwiri, ndipo pa tsambalo tikufuna kuikapo boma limene mtedza wa botololo unalimidwa pamodzi ndi zotsatira za ku labotale za gulu lake.