Mmene ndimatetezera bondo ku tizilombo pa opaleshoni ya kamera

Timabala ta arthroscopy, opaleshoni yolowetsa kamera kakang'ono m'bondo, timakhala tiwiri kapena titatu, kalikonse kosafika sentimita imodzi, ndipo odwala osakwana mmodzi pa 100 ndi amene bondo limagwidwa ndi tizilombo. Koma tizilombo tikalowa m'kati mwa mfundo, timadya chicherewecherewe m'masiku ochepa, ndipo chikadyeka sichimeranso. Nchifukwa chake ine, dokotala wochita opaleshoniyi, ndimayamba ntchito tsiku la opaleshoni lisanafike.

Ndimafunsa za shuga ndi fodya, chifukwa zonsezi zimachedwetsa bala kupola. Ndimafunsanso ngati munabayidwa jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, m'bondomo masabata apitawa, popeza amafooketsa chitetezo pamalopo. Ndikapeza chilonda kapena chithupsa pamwendo, opaleshoni ndimaiimitsa. Pometa ubweya, lezala ayi: limasiya timikwingwirima momwe tizilombo ta pakhungu totchedwa Staphylococcus timaswana. Ubweya timadula ndi makina tsiku lomwelo. Ngati tikulumikiza mtsempha wa ACL, womwe umagwirizanitsa mafupa m'kati mwa bondo, ndi kuika zomangira, antibayotiki monga cefazolin amalowa m'magazi ola limodzi lisanathe tisanacheke.

Kunyumba, bandeji ikhale youma maola 48 oyamba. Sambani m'manja musanaikhudze, musapake mafuta pabala, ndipo musaviike bondo m'madzi kufikira ulusi utachotsedwa, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14.

Pamene ndimatsindika kwambiri ndi apa. Kutupa, kufunda pang'ono ndi timadzi tofiirira masiku awiri oyamba nzachibadwa, chifukwa pochita opaleshoni timadzaza bondo ndi madzi amchere a kuchipatala otchedwa saline. Chondidetsa nkhawa ndi ululu umene unayamba kuchepa kenako nkubwerera mwamphamvu, bondo lokana kupinda kapena kuponda, kufiira kofalikira, mafinya, kunjenjemera, kapena thupi kutentha kufika madigiri 38. Izi mubwere nazo tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Chonde musayambe kumwa maantibayotiki otsala m'nyumba. Ndimafuna kukoka madzi a m'bondo ndi jakisoni kaye nkuwatumiza ku labotale pamodzi ndi magazi oyeza CRP, chizindikiro cha kutupa m'thupi. Mankhwala akatsogola, tizilombo sitimera poyeza, ndiye timachiza mongoganizira.

Tikapeza tizilombo m'kati, timabwerera ku fiyeta kukatsuka bondo ndi malita angapo a saline kudzera m'timabowo tomwe tija, nthawi zina kangapo. Kenako pamabwera maantibayotiki, poyamba a m'dripi, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.