Vinyo wa ku Tuscany ndi Misozi ya Alamu

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi aja oti nkhani iliyonse amaidziwa kale. Nditamva kuti akubwera kudzadya nafe, ndinati ulendo uno ndiwasowetsa chonena. Ndinagula Chianti, vinyo wofiira wa ku Tuscany, m'dziko la Italy, wa m'botolo lamimba lokutidwa ndi udzu. Kwawoko ndi vinyo wamba wotsitsira chakudya, koma ine ndinachita kumuloweza: mphesa zake ndi Sangiovese, kwawo kwenikweni ndi m'mapiri a pakati pa mizinda ya Florence ndi Siena, ndipo malire a deralo anawakhazikitsa Cosimo III de' Medici, wolamulira Tuscany nthawiyo, mu 1716.

Ndinawerenganso kuti vinyoyu ndi wowawasa, choncho amagwirizana ndi pasta wa tomato, chifukwa zowawasa ziwiri zikakumana sizilimbana. Nyama yonona ndi tchizi zimafewetsa tannin, zija zochokera m'makoko a mphesa zimene zimaumitsa m'kamwa. Ndiye ndinalowa ndekha m'khitchini. Msuzi nditaulawa ndinaona ngati ukugona, ndinauthira tsabola. Ndinalawanso, n'kuwonjezera. Pamene analemba zoti mowa umakoleza moto wa tsabola ndinali ndisanafikepo, pakuti ndinatanganidwa ndi Cosimo.

Alendo ali pakhomo m'pamene ndinakumbukira kuti vinyo wofiira amafuna madigiri 16 mpaka 18, pomwe wangayo anagona mufiriji. Ndinaimika botolo pambali pa chitofu kuti liwothe pang'ono, ine n'kupita kukapereka moni.

Ndili mkati mofotokoza za Siena, alamu anakweza mphuno.

"Alamu, kodi ku Italy kwanuko akutentha tchire?"

Kuthamangira kukhitchini, utsi tolotolo, udzu wonse uli lawilawi. Ndinauzimitsa ndi nsalu yopukutira mbale, yatsopano, imene mpaka lero imatchulidwa tikayambana. Botolo linatsala lamaliseche, lakuda bii. Komatu udzuwo sikuti ndi chokongoletsera chabe: mabotolo akale amtunduwu anali obulungira kunsi, udzuwo ndiwo unkawaimika ndi kuwateteza pa ulendo. Langa mwamwayi linaima lokha. Ndinalipukuta, n'kupita nalo patebulo ngati palibe chachitika.

Vinyo akatentha, fungo la zipatso limathawa, n'kutsala mowa wolasa m'mphuno. Alamu anatapa pasta, anatafuna, maso anayamba kufiira. Pofuna kuzimitsa motowo anagwira tambula n'kugugudiza. Abale inu! Misozi chuchuchu, thukuta kamukamu, kukamwa yasa, mawu osatuluka. Akazi awo anayamba kuwakupiza ndi mbale. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana, diso lija lotanthauza kuti tikambirana alendo akapita.

Ine poti ndinali nditaloweza, ndinati zisapite pachabe.

"Mukumva kakomedwe ka matcheri, alamu? Ndiyo Sangiovese imeneyo. Mu 1872 Bettino Ricasoli, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Italy, analemba kasakanizidwe kake..."

"Mkaka," anatero alamu. "Mlongo, mkaka!"

Anamwa makapu awiri, n'kutsirizanso tchizi chonse chimene ndinasungira kumapeto. Kenako anapukuta m'maso, nakhala kaye chete, chinthu chimene sindinachionepo chikwatirireni mlongo wawo.

"Alamu, a Cosimo anuwo adakali moyo?"

"Anamwalira mu 1723."

"Achita mwayi. Ndimafuna ndilankhule nawo."