Rosemary uja wadzuka

Anzanga okonda dimba, lero ndabwera ndi nkhani yabwino. Rosemary wanga wa m'chidebe, chomera cha masamba onunkhira, amene ankaoneka kuti wapita, waphukiranso. Nsonga zatsopano zatuluka mbali zonse, ndipo ukangozikhudza fungo limatsalira m'manja.

Vuto linayamba mvula itakhazikika mu Januwale. Masamba am'munsi anayamba kuda, kenako kuyoyoka. Ndinafufuza nsabwe nthambi iliyonse, osapeza kanthu. Mnzanga wina anati imeneyo ndi njala, ndingothira Urea pang'ono. Ndinaganiza zoyamba ndazula kaye kuti ndione pansi, ndipo ndinapeza mizu yakuda bii, yofewa, yonunkha kuwola. Katondo wathu wa kuno ku Lilongwe ukamuika m'chidebe amagwirana, madzi osatsika ngakhale utaboola pansi mabowo ambiri. Tsono chomera ichi kwawo ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, komwe chimamera pamiyala ndipo nyengo yotentha kumakhala kopanda mvula. Matope a dzinja lathu chingawapirire bwanji?

Ndinadula mizu yonse yowola ndi nthambi zouma. Dothi ndinasakaniza lina: theka mchenga wakumtsinje, theka linalo katondo ndi kompositi wopsa bwino. Chidebe ndinachikweza pa njerwa, pakhonde pomwe dzuwa limafika koma mvula sigunda. Kuthirira ndimayamba ndapisa chala m'dothi, chikatuluka chonyowa ndimangodutsa. Manyowa ena sindinaonjezere ngakhale pang'ono. Masiku oyamba aja analitu ovuta, m'mawa uliwonse kukasuzumira, chomera chili chiimire osasonyeza moyo.

Chimene chikundisangalatsa n'chakuti pafupi pomwepo pali minti ndi lemongrass, ndipo amenewa ndi adyera. Zitosi za nkhuku ndimazimanga m'thumba n'kuziviika mumgolo, madzi akewo n'kuwasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka. Lemongrass akamwa amenewa amachita kuwirira. Basil yekha ndimamupatsa mochepa, chifukwa ukamudyetsa kwambiri masamba amakula koma fungo limachepa. Maluwa akenso ndimawabudula akangoonekera.

Mbande zanga zambiri ndimagula kwa mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Amandisangalatsa chifukwa sakakamiza malonda, mbande ikakhala yanthete amakuuza kuti ubwerenso sabata yamawa. Ndi omwewo anandigawira mpungabwi umene ndinadzala kuseri kwa zenera kuti udzudzu uchepe. Za dhania (coriander), mayiwo anandiuza kuti ndisavutike naye pano, ndidikire kuzizira kwa Meyi, pakuti kukatentha amathamangira kuchita maluwa masamba asanachuluke.

Rosemary akalimba ndikufuna kudulako timitengo tobzala, mwina ndizungulize khonde lonse mpanda wa rosemary yekhayekha. Ndikulingaliranso zomanga kathandala koyanikira masamba pamthunzi. Amene munayesapo kumeretsa timitengo m'madzi, mizu yake imalimba mukasamutsira m'dothi, kapena ndingozika mumchenga?