Shafuti ya S ndi ine: zolemba za gofu, mwezi wa Okutobala

Loweruka lapitali ndinamenya mipira 30 ndi ayironi 7 (ndodo ya gofu ya mutu wachitsulo, nambala 7) yanga ndi ina yobwereka, ndipo ndinabwerera kunyumba nditadziwa kuti vuto lomwe landisautsa kuyambira Meyi silinali la manja anga okha.

Ndodo zanga ndinagula kwa munthu amene anabwera nazo kuchokera ku Johannesburg, zakale koma zosamalika. Pa shafuti iliyonse, thunthu lalitali la ndodo lolumikiza chogwirira ndi mutu, pali chilembo S. Atandiuza kuti chikutanthauza yolimba, ndinakondwa, poganiza kuti munthu wozolowera khasu ngati ine ndodo yofewa singamuyenere. Miyezi isanu ndakhala ndikumenya mpira wotsika, wothawira kumanja, ndipo ndikauphonya pakati pa mutu wa ndodo, kunjenjemera kwake kumafika m'zigongono. Ndinasintha kagwiridwe, ndinasintha kaimidwe, osaphula kanthu.

Amene anandithandiza ndi amdala ena omwe timakumana nawo ku Chipata Golf Club m'mawa dzuwa lisanakwiye. Anandiyang'ana ndikumenya katatu, kenako anati, "Mwana wanga, ukafuna mayadi 150 umatenga ndodo iti?" Ndinati ayironi 5, bambo. Anagwedeza mutu, natulutsa ayironi 7 yawo ya R, yofewerapo kuposa S. "Tamenya ndi iyi. Usaikemo mphamvu."

Funso lawolo ndi muyeso wakale wa osewera: amene amafika mayadi 150 ndi ayironi 6 kapena 7 amayenerana ndi S, amene amafunika ayironi 5 ali cha ku R (nambala ikachepa, ndodo imafikitsa mpira patali). Zilembo za mashafuti zilipo zisanu, kuyambira yofewa kwambiri: L, A, R, S ndi X. Oyeza ndi makina amati dirayiva, ndodo yomenyera mpira patali kwambiri, ikamathamanga mamailosi 85 mpaka 95 pa ola, R ndiyo imakhala bwino. Kuchokera 95 mpaka 105 ndi S. Kupitirira pamenepo ndi X. Ine makinawo sindinayambe ndaimapo patsogolo pake, choncho muyeso wanga ndi mpira.

Chimene chinandilowa m'mutu ndi momwe shafuti imagwirira ntchito. Ukamatsitsa ndodo, mutu wake umatsalira kumbuyo, shafuti n'kupindika. Ikamayandikira mpira imawongoka, n'kuponya mutuwo kutsogolo. Zili ngati uta. Uta wolimba kuposa mkono wako sungaukoke mokwanira, muvi umagwera pafupi. Shafuti yanga sinkaipinda mokwanira, mutu unkafika pa mpira usanatembenuke bwino, n'chifukwa chake mpira unkatsika ndi kupita kumanja (ndimamenyera kudzanja lamanja, amanzere atembenuze). Yofewa kwambiri ili ndi vuto lake: mpira umakwera mopitirira, umakhotera kumanzere, ndipo mipira khumi imamwazikana ngati nkhuku zoona kabawi.

Pali chinthu china chomwe chinandinamiza, ndipo ndikufuna anzanga a kuno kum'mawa achimve. Kuyambira Meyi mpaka tsopano mvula kulibe, nthaka yauma gwa. Mpira wotsika ukagwa umadumpha, umagubuduka mtunda wautali, iwe n'kumawerenga mtunda wonsewo ngati wako. Mvula ikayamba mu Novembala, mpira womwewo udzaima pomwe wagwera. Ndiye Loweruka sitinayeze pomwe mpira waima, koma pomwe wagunda pansi koyamba. Kadi wanga, wondinyamulira ndodo, anaima pambali patali, akuika kamtengo pa malo aliwonse pomwe fumbi labuka.

Zotsatira zake nazi. Ndi ayironi 7 yanga ya S, mipira yambiri inagwera pafupi ndi mayadi 125, ndipo 11 mwa 15 inapita kumanja. Ndi ya amdala, yambiri inagwera cha pa 137, inakwera bwino, ndipo yopita kumanja inali inayi yokha. Iwiri inakhotera kumanzere, pamene ndinaiwala malangizo n'kuikamo mphamvu. Chomwe sindingachilembe m'manambala ndi kumva mutu wa ndodo pomwe uli nthawi yonse ndikamaizunguza. Ndi ndodo yanga sindinamvepo zimenezo.

Komabe sindikufuna kuthamangira kunena kuti chilembo chokha ndicho chachita zonsezi. Shafuti ya amdala ndi ya graphite, yanga ndi yachitsulo, ndipo kulemera kwake n'kosiyana kwambiri. Zachitsulo zolimba zotchuka, monga Dynamic Gold S300 ya True Temper, zimalemera pafupifupi magalamu 130, pamene za graphite za ma ayironi zambiri sizifika 90. Ndasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, kufewa ndi kupepuka. Ndikuganiza kuti kulemera kuli ndi gawo lalikulu, chifukwa pa maenje omaliza, kutentha kwa Okutobala kukafika pachimake, ndi pamene ndodo zanga zimandikana kwambiri.

Chinanso, zilembozi zilibe muyeso umodzi womwe makampani onse amatsata. S ya kampani ina ikhoza kufewa ngati R ya ina. Kwa ife ogula ndodo zakale pali msampha winanso: shafuti ikadulidwa kunsonga, mbali yolowa m'mutu, imalimba kuposa chomwe chilembo chikunena. Mwini wake woyamba mwina anali wamfupi, kapena anaidula dala. Ndikagulanso ndodo, ndiziyamba ndaiyerekeza kutalika ndi inzake ya nambala yomweyo.

Dirayiva yanga nayonso ndi ya S, koma imeneyo ndaisiya kaye. Ndi ya graphite kale, yopepuka, ndipo kupotoka kwa mpira wake ndikudziwa kuti kukuchokera m'mapewa mwanga.

Kusintha mashafuti onse asanu ndi awiri ndi ndalama, ndipo nthawi ino ndi yogula feteleza. Ndiyamba ndi ndodo imodzi. Mnzanga wina ali ndi ayironi 7 yachitsulo ya R, wavomera kundibwereka Loweruka likubwerali. Ndidzamenya mipira 15 ndi iliyonse mwa ndodo zitatuzo, malo omwewo, isanakwane 7 koloko, kadi ataima ndi timitengo take. Ikadzachita ngati ya amdala, ndiye kuti nkhani ndi kufewa, ndifunefune zachitsulo za R. Ikadzachita ngati yanga, ndiyamba kusungira za graphite.