Ndolo, mipango ndi zophoda m'misika ya ku Istanbul

Ndinapita ku Istanbul, m'dziko la Turkey, pamodzi ndi achemwali anga m'nyengo yotentha, ndipo titalipira tikiti ya ndege ndi malo ogona, ndalama imene inatsala sinali yoti n'kudzazira sutikesi ndi zovala zatsopano. Tinagwirizana kuti tisakesake tinthu ting'onoting'ono timene timasintha maonekedwe a zovala zomwe munthu ali nazo kale, monga ndolo, zibangili, mipango, malamba ndi magalasi a dzuwa. Diresi limodzi lakuda lopanda maluwa limatha kuvalidwa ku ntchito, ku ukwati komanso kokayenda, anthu osazindikira kuti ndi lomwe lija, malinga ngati zovala m'khosi ndi m'makutu zikusinthasintha. Chimene ulendowu unanditsimikizira n'chakuti kutchipa kulibe vuto pa chinthu chimene chimangokhala pamwamba pa nsalu, koma pamafunika kusamala kwambiri ndi chilichonse chokhudza khungu, milomo kapena maso.

Tinayambira ku Grand Bazaar, msika wofolera umene unayamba kumangidwa cha m'ma 1455 mu ulamuliro wa Sultan Mehmed II. Msikawu uli ndi misewu 61 ndi masitolo pafupifupi 4,000, sutsegulidwa Lamlungu, ndipo tram (sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda) ya T1 imakutsitsa pa Beyazıt, pafupi ndi chimodzi mwa zipata zake. Msewu wake waukulu, Kalpakçılar, ndi wa ogulitsa golide, ndipo kumeneko tinangodyetsa maso basi. Mitengo imayamba kutsika ukamakhotera m'tinjira ta kumbuyo, ndipo imatsikiratu ukatuluka kunja n'kutsetsereka ndi msewu wa Mahmutpaşa kulowera ku Eminönü, kumene eni mzindawo amagula zovala zawo za tsiku ndi tsiku. Pa nkhani yonenerera mtengo, chimene chinatithandiza chinali kufunsa chinthu chomwecho m'masitolo angapo tisanatulutse ndalama, ndiponso kusaonetsa pankhope kuti chatikomera kwambiri.

M'kanjira kena tinaima pa sitolo ya bambo wina wachikulire amene anatiyalira zibangili ndi matcheni a m'khosi pa kansalu kakuda. Ine maso anali pa tcheni china chonyezimira kuposa zonse, koma achemwali anandigwira dzanja.

"Iwe, usamangoona kuwala. Tembenuza uone pa chotsekera," anatero.

Pa kachitsulo kakang'ono pafupi ndi chotsekera cha tcheni china, chimene chinali chosawala kwenikweni, panadindidwa nambala 925. Nambala imeneyi imatanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva, ndipo otsalawo kawirikawiri amakhala mkuwa woti chilimbe. Golide nayenso ali ndi nambala zake: 585 ndi wa makarati 14, pamene 750 ndi wa makarati 18. Tcheni chimene chinandikopa chija chinalibe nambala iliyonse, ndipo bamboyo sanabise kuti chinali chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Achemwali anatulutsa kamaginito kamene amayenda nako m'chikwama, ndipo tcheni chonyezimiracho chinadumphira pomwepo n'kumatirira, pamene cha siliva chija chinangogwedezeka pang'ono pa chotsekera pokha, chifukwa kasipuling'i ka m'kati mwake kamakhala ka chitsulo. Maginito sathetsa nkhani yonse, popeza mkuwa nawonso sakokedwa, ndipo nambala munthu wachinyengo akhoza kuidinda pa chilichonse, koma njira ziwirizi pamodzi zimachotsa zambiri zokayikitsa.

Sindikunena kuti zokutidwa pamwamba n'zosayenera kugula. Chibangili chotchipa chovala mwa apo ndi apo, kapena kachokongoletsa komanga pa jekete, sichivuta munthu, ndipo ngakhale mzere wobiriwira umene mkuwa umasiya pakhungu ukakumana ndi thukuta umachoka ndi sopo. Ndolo ndi nkhani ina, chifukwa zimalowa m'khutu n'kukhalamo tsiku lonse. Zitsulo zambiri zotchipa zimakhala ndi nickel, chitsulo chimene chimayambitsa kuyabwa, zidzolo ndi kutupa kwa anthu ambiri, moti mayiko a European Union anakhazikitsa mu 1994 lamulo loika malire pa kagwiritsidwe ntchito kake m'zodzikongoletsera. Khungu likayamba kudana ndi nickel, nthawi zambiri silibwereranso mwakale. Pa chifukwa chimenechi ndinasankha ndolo za siliva zing'onozing'ono peyala imodzi m'malo mwa mulu wa zotchipa zimene zinali pa mtengo wofanana.

Mipango sinatitayitse nthawi. Yambiri imalembedwa kuti pashmina, koma pashmina weniweni amachokera ku ubweya wa mbuzi za kumapiri a Himalaya ndipo sangagulitsidwe motchipa. Imene imaunjikidwa pakhomo la sitolo nthawi zambiri ndi ya viscose kapena acrylic, ulusi wopangidwa m'fakitale. Ndinagula ya viscose ndikudziwa kuti ndi viscose, ndinalipira mtengo woyenera nsalu yoteroyo, ndipo ndi yokongola ndithu. Pa zikwama ndi malamba tinkangoyang'ana msoko, kutsegula ndi kutseka zipi kangapo, ndi kukoka chogwirira pamene chalumikizidwa, poti ndi pamenepo pamene chikwama chotchipa chimayambira kung'ambika. Zodindidwa mayina a makampani otchuka tinkazilambalala, chifukwa chikwama chopanda dzina koma chosokedwa bwino chimaoneka chaulemu kuposa chonamizira dzina.

Magalasi a dzuwa ndinawaika m'gulu la zinthu zosayenera kuumirira. Galasi lakuda limachititsa kuti kamwana ka diso katseguke kwambiri, ndipo ngati galasilo silitchinga UV, cheza cha dzuwa chosaoneka chimene chimawononga maso ndi khungu, diso limalandira cheza chochuluka kuposa likanakhala losavala kanthu. Choyenera kuyang'ana ndi chizindikiro cha UV400, ndipo ndi bwino kugula kwa ogulitsa magalasi a maso, amene ambiri amakhala ndi kachipangizo koyezera, kusiyana ndi kudalira kapepala kongomatidwa pa galasi la pamsewu.

Pamene tinakhalitsa kukambirana ndi pa tebulo lina la zophoda, m'mbali mwa msewu wotsetsereka uja. Panali lipisitiki, paudala, mascara (wopaka pa nsidze) ndi foundation (yopaka kumaso posalaza khungu) zokhala ndi mayina odziwika padziko lonse, zonse zili padzuwa, pa mtengo wochepa modabwitsa. Ndinanyamula kabokosi kamodzi n'kuona kuti zilembo zina zinali zofufutika, mndandanda wa zopangira panalibe, ndipo chivindikiro sichinkatseka bwinobwino.

"Achemwali, nanga wanja uyu? Akuoneka wabwinotu," ndinafunsa, nditaona timabotolo ta ufa wakuda topanda cholembedwa chilichonse.

"Ameneyo musiye. Sudziwa chimene chili m'katimo, ndipo diso silisinthidwa ngati mpango," anayankha.

Ananena zoona, chifukwa wanja wina wa ufa wopangidwa mwachikale amakhala ndi mtovu, umene umaunjikana m'thupi ndipo ndi woopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Zophoda tinakagula m'sitolo yaikulu ya zodzoladzola, mmene muli mitundu yotsika mtengo yopangidwa m'dziko lomwelo, yomatidwa bwino komanso yolembedwa zonse zopangira. Zoyesera zimene zimaikidwa poyera tinkazipaka kuseri kwa dzanja kokha, osati pamilomo kapena m'maso, popeza zimakhala zitadutsa pa anthu ambirimbiri. Foundation yokha ndi imene imafuna kuyesedwa m'munsi mwa tsaya, ndipo ndi bwino kutuluka panja kukaiona pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa magetsi a m'sitolo amanamiza mtundu.

M'sitolo momwemo ndinayamba kuwerenga mosamala kachithunzi ka botolo lotsegula kamene kamakhala kumbuyo kwa zodzola zambiri, kolembedwa 6M, 12M kapena 24M. Nambalayo ndi miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino chikangotsegulidwa. Izi zimasintha kawerengedwe ka kutchipa, chifukwa kugula mascara atatu pa mtengo wotsitsidwa n'kuwatsegula onse nthawi imodzi n'kutaya ndalama: mascara amafunika kusinthidwa pakatha pafupifupi miyezi 3, poti kaburashi kake kamatenga tizilombo pa nsidze n'kukatisiya m'botolo lonyowa. Akauma sathiridwa madzi kapena malovu, ndipo sabwerekanidwa ngakhale pachibale, lamulo limene ine ndi achemwali tinalisunga ngakhale tinkagona chipinda chimodzi. Paudala ndi zina zouma ndiye zimakhalitsa.

Kutentha ndi chinyezi cha mzindawu zinatiphunzitsa kupaka zochepa. M'mawa tinkayamba ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30, amene amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha UVB, mtundu wa UV umene umapsereza khungu, koma amafuna kupakanso pakatha maola awiri aliwonse munthu akakhala panja, kenako paudala pang'ono ndi lipisitiki. Thukuta likatuluka tinkaligunda pang'onopang'ono ndi tishu tisanawonjezere paudala, apo ayi nkhope imachita zibuma. Madzulo, kaya titope bwanji, tinkasamba kumaso tisanagone, ndipo siponji tinkaichapa ndi sopo wosalimba n'kuiyanika poyera. Maburashi amafuna kuchapidwa kamodzi pa mlungu ndi kuumitsidwa chogona, kuti madzi asalowe pamene ubweya wamatidwira. Ndolo ndi tcheni tinkavala pomaliza, perefyumu atauma, n'kuzipukuta ndi kansalu pozivula, ndipo za siliva tinkazisunga m'kathumba kotseka kuti mpweya usazidetse.

Pa tsiku lonyamuka tinalongedza motsatira lamulo limene mabwalo ambiri a ndege akhala akutsatira kuyambira mu 2006, loti zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire mamililita 100 pa botolo lililonse, ndipo zonse zikwane m'kathumba koonekera m'kati ka lita imodzi. Mascara, foundation ndi mafuta a dzuwa zinalowa m'kathumbako, paudala tinamuikira thonje pansi pa chivindikiro kuti asasweke, ndipo ndolo tinazilowetsa m'mabowo a batani lalikulu kuti peyala iliyonse isasiyane.