Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene tinasaka munthu ndi agalu

M'gawo lapita lija ndinakufotokozerani mmene ndinapezera ntchito pa khola la akavalo kumidzi ya ku Sussex, kummwera kwa England, ndi mmene mayi amene anandilemba ntchitowo ankandiphunzitsira kukwera kavalo tikamaliza kuwola ndowe. Lero ndikuuzeni za Lamlungu lina la mu Novembala pamene ananditenga ku uzimba.

Atandiuza kuti agalu a kumeneko sasaka nkhandwe kapena kalulu koma munthu, mtima unandiguguda. Ine ndinakulira ku Dedza, uzimba ndimaudziwa. Amalume ankanyamuka m'mamawa ndi agalu, zibonga ndi mikondo, ndipo galu akagwira fungo tinkadziwa kuti mapeto ake ndi magazi. Komanso ndinali nditawerengapo kuti m'nthawi ya ukapolo, ku Cuba ndi ku America, eni minda ankatumiza agalu kukalondola akapolo othawa. Ndiye ine munthu wakuda ndikwere kavalo, ndizithamanga pambuyo pa agalu olondola munthu? Ndinawauza mayiwo mosapsatira. Sanandiseke. Anangoti, "Tiye ukadzionere wekha. Zikakuipira ukabwerera pa galimoto."

Kusaka nkhandwe ndi agalu kunaletsedwa ku England ndi ku Wales ndi lamulo la Hunting Act la 2004, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2005. Koma magulu a agalu a mtundu wa bloodhound, omwe ndi agalu olondola fungo la munthu ngati amene tinapita nawo ife, sanadikire lamulolo kuti ayambe kusaka munthu m'malo mwa nyama. Gulu la Coakham, lomwe limasaka ku Kent ndi ku Sussex, linayamba kale mu 1976. Pali magulu ena amene amakoka chiguduli chonyika m'mankhwala onunkha kuti agalu azitsatira. A bloodhound ayi. Munthu wothamanga amene agalu amamulondola sadzola kanthu, sakoka kanthu. Agaluwo amalondola fungo la thupi lake basi, limene limatsalira pa udzu iye akadutsa.

Tinakumana pabwalo la mlimi wina cha kumasana. Okwera anali atavala majekete akuda ndi zisoti zolimba, akumwa vinyo m'timatambula ali pa akavalo pomwepo, ndipo mayi wina ankazungulira kutolera ndalama za tsikulo. Kavalo wina anali ndi kansalu kofiira kumchira, chizindikiro choti amaponda, usamuyandikire kumbuyo. Koma maso anga anali pa agalu. Akuluakulu, akuda ndi ofiirira, makutu olendewera, khungu la kumaso lamakwinya, dovu lili chuchuchu. Sawawerenga mmodzimmodzi, amawawerenga awiriawiri. Pakati pawo panaima anthu atatu ovala nsapato zothamangira, akuwasisita mitu, agaluwo akuwanunkhiza miyendo ndi manja. Amenewo ndiwo anali nyama ya tsikulo. Mmodzi anali mphunzitsi wamkazi, wochepa thupi, akuseka.

Atatuwo ananyamuka wapansi, kulowera njira imene anagwirizana kale ndi eni minda. Ife tinadikira mwina theka la ola. Kenako woyang'anira agalu anawatengera pamene othamangawo anayambira, n'kuliza lipenga.

Kulira kwa agalu amenewa sindidzakuiwala. Si kuuwa kwa galu wa pakhomo. Ndi mawu akuya, otalika, ngati ng'oma yaikulu ikamamveka kutsidya kwa dambo usiku, ndipo akayamba onse pamodzi umawamva m'chifuwa. Kavalo wanga anaimika makutu, thupi lake lonse likunjenjemera, ndipo tisanaganize n'komwe tinali pa liwiro. Malamulo ndinali nditauzidwa: usapitirire wotsogolera okwera, usaponde pamene agalu sanadutse chifukwa ufafaniza fungo, ndipo agalu akamadutsa pafupi utembenuze kavalo ayang'anizane nawo. Kavalo wako akaponda galu, manyazi ake ndi aakulu. Odziwa ankalumpha mipanda ya zitsamba. Ine ndinali m'gulu la odutsira pazipata, ndipo womaliza kudutsa ankayenera kutseka kuti nkhosa za eni ake zisatuluke.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika pamunda wina wolimidwa kumene. Nkhosa zinali zitadutsa m'mbali mwake, ndipo agalu anasokonekera. Phokoso lija linangoti zii. Wotsogolera anakweza dzanja, tonse tinaima, palibe wolankhula. Agalu anamwazikana, mphuno zili pansi, makutu akukhwekhwereza m'matope. Woyang'anira sanawathandize, anangowasiya. Patapita kanthawi galu wina wamkazi wokalamba, amene poyamba paja ankatsalira m'mbuyo, anaima pafupi ndi ngalande, ananunkhizanso, n'kulira kamodzi. Anzake onse anathamangira kwa iye ndipo nyimbo ija inayambiranso. Patsogolo pang'ono panali bambo ndi mayi akuyenda m'kanjira ka anthu oyenda pansi. Ndinagwira mpweya. Agalu anawadutsa ngati sakuwaona. Fungo limene ankafuna linali la anthu atatu aja, osati la wina aliyense. Mayi ondilemba ntchito aja anandiuza pambuyo pake kuti tsikulo linali labwino chifukwa nthaka inali yonyowa ndipo kunalibe mphepo. Kukauma kapena kukawomba mphepo yamphamvu, fungo silikhalitsa.

Tinawapeza atakhala pansi m'mbali mwa mpanda, akupuma wefuwefu. Apa ndi pamene ndinkaopa. Agalu anawakhamukira, kuwakwera, kuwanyambita kumaso ndi m'makutu, michira ikugwedera. Mphunzitsi uja anagwa chagada m'matope akuseka, akutulutsa mabisiketi m'thumba. Ine misozi inalengeza, ndipo sindinayese kuibisa.

Sindikunena kuti zonse zimene ndinkaganiza zija zinatheratu. Pa okwera onse wakuda ndinali ndekha, ndipo ndikanapanda kubwerekedwa kavalo sindikanakwanitsa, chifukwa masewerawa amadya ndalama zambiri. Ndinkakumbukirabe kuti mphuno ngati zomwezi zinagwiritsidwapo ntchito pozunza anthu. Koma ndinaona ndi maso anga kuti galuyu alibe mangawa ndi munthu. Amangofuna kumupeza.

Othamanga ananyamukanso, tinawalondolanso, mpaka dzuwa linapendeka. Mu Novembala kuno kumada 4 koloko ikangopitirira, choncho akavalo tinawasambitsa ndi nyali, miyendo yanga ikunjenjemera. Usiku ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwafotokozera zonse. Anakhala chete, kenako anafunsa, "Ndiye mwana wanga, tsiku lonse limenelo mwabwerako opanda ndiwo?" Ndinati inde amayi. Anati, "Bola palibe amene wavulala."

Sabata yotsatira mayi ondilemba ntchito aja anandiuza kuti gululo likusowa othamanga, ndipo anali ataona kuti ine ndimathamanga m'mawa ndisanayambe ntchito. Ndinavomera. Za tsiku limene agalu aja ankalondola ine, ndidzakuuzani m'gawo lotsatira.